Imfa ya agogo anu inalembedwa kuti?

Mayi wina wa ku Kabwata wanditumizira imelo. Banja lawo likufuna kumanga chiliza cha agogo aamuna amene anachokera ku Katete n'kumwalirira kuno ku Lusaka cha m'ma 1960, koma palibe akudziwa tsiku ngakhale pamene pali manda, ndipo pa intaneti dzina lawo silikutuluka.

Achemwali, musadzitopetse ndi intaneti, dzinalo mulibemo. Nkhani yanuyi yandikhudza chifukwa ifenso kwathu tinavutika nayo, ndipo mpaka lero ndikaiganiza mtima umandiwawa.

Lamulo lokakamiza kuti kubadwa ndi imfa ya munthu aliyense m'Zambia zilembedwe linabwera mu 1973. Kale konseko boma la atsamunda linkasamala za azungu. Wakuda linkamulemba ali moyo, chifukwa cha msonkho ndi chitupa, koma akafa linalibe naye ntchito. Mukapita ku manda a Aylmer May ku Rhodes Park, amene anatsegulidwa mu 1922, mupeza miyala yolembedwa bwino, dzina, tsiku, zonse. Anthu athu amene ankaphikira ndi kuchapira eni miyalayo, ambiri anangowazikira kathabwa kamene chiswe chinadya kalekale. Nyuzi ngati Northern News, imene inasanduka Times of Zambia mu 1965, inkasindikiza za maliro, inde, koma malowo anali olipira, ndipo kukhi wa ku Chilenje ndalama imeneyo akanaitenga kuti? Ife uthenga wa maliro unkayenda pa wailesi, pa lamya, kapena pakamwa pa munthu wokwera basi ya ku Fort Jameson (Chipata ya lero). Wamva wamva, basi.

Kwathu amene tinkafuna anali atsibweni a mayi anga, mwini mbumba weniweni. Anachoka kumudzi ali mnyamata, anakagwira ntchito ku Salisbury (Harare ya lero) zaka zambiri mpaka anthu anayamba kuwatchula mtchona, kenako anabwerera n'kukhazikika ku Matero. Mayi asanamwalire ankangoti, "Mudzawapeze atsibweni, asagone ngati analibe abale." Vuto linali loti munthu mmodzi anali ndi maina atatu. Kumudzi ankawadziwa ndi dzina laubwana ndi mfunda wawo wa Phiri. Ku tchalitchi anali ndi dzina laubatizo. Pa chitupa panali dzina limene bwana wawo anawapatsa, ndipo m'malo mwa Phiri kalaliki analembapo dzina la bambo awo. Kulikonse kumene tinkafunsa tinkatchula dzina lakumudzi, lomwe silinalembedwepo papepala lililonse.

Amene anatitsegulira njira ndi gogo wina wa Chigwirizano, maso atachita kale khungu, atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba akutongola chimanga. Titatchula dzina lakumudzi anangopukusa mutu. Titanena kuti ankatsimphina mwendo wakumanzere ndipo ankasoka nsapato pakhonde, anasiya chisononkho n'kuti, "Aa, inu ana, mukunena a Phiri a nsapato! Amene uja tinamuika kukutentha, mvula isanagwe, dziko lonse likulira anthu a ku Mufulira." Mgodi wa Mufulira unagumuka pa 25 September 1970 n'kupha anthu 89. Chaka tinachipeza pompo, ngakhale gogoyo sanatchule nambala ndi imodzi yomwe. Akuluakulu sasunga zaka, amasunga zochitika: chaka cha ufulu, 1964, chaka chimene ndalama ya kwacha inayamba, 1968, chaka cha ngozi ya mu mgodi wa malasha ku Wankie, 1972, chaka chimene anyamata a mpira anagwa ndi ndege ku Gabon, 1993. Mukawafunsa kuti "chinali chaka chanji" akuuzani kuti anaiwala. Afunseni kuti anali ndi mimba ya ndani, kapena ndani anali atangokwatiwa kumene.

Titadziwa chaka, mkulu wa mpingo anavomera kutitsegulira buku lakale la akhristu, ndipo dzina laubatizo linalimo, pambali pake atalemba kuti anamwalira. Koma chimene chinandiliza ndi chimene msuweni wanga anachipeza m'sutikesi yachitsulo ya mayi ake: buku la chipepeso. Kope wamba la ana a sukulu, chikuto chothothoka, inki itatuwa. Pamwamba tsiku la maliro, m'munsi maina a onse amene anabwera kudzakhuza, uyu 20 ngwee, uyu ufa, uyu nkhuni, ena atalembedwa ndi mudzi wawo. Theka la mbumba yathu linali mmenemo, ngakhale abale amene sitinkadziwa kuti anakhalapo mu Lusaka. Inu mukapeza lotere lopanda tsiku, yang'anani ndalama zake. Ngati ndi masheleni ndi mapeni, malirowo anachitika 1968 isanafike.

Apa ndiye pamene ndimapsa mtima. Pamaliro timakangana za mipando, firiji, nyumba, mpaka kutukwanizana mwini wake asanazizire n'komwe. Koma mapepala? Amati ndi zinyalala, ana akolezere mbaula. Reji ya malemu (chitupa cha unzika), khadi la ubatizo, makalata a penshoni, zithunzi zolembedwa kumbuyo, zonse phulusa. Pakapita zaka mdzukulu akuyamba kuzungulira m'maofesi kupempha boma chimene banja lake lomwe linawotcha. Atsamunda sanatilembe, zoona, koma zimene zatayika chilandirireni ufulu tataya tokha. Ndipo musandiuze za Facebook ndi magulu a maliro a pa WhatsApp. Foni ikabedwa pa Soweto Market, chithunzi chapita, mbiri ya malemu yapita. Ija mbiri imene wachibale amawerenga kumanda atagwira kapepala konjenjemera, ndani amaisunga akatha? Imatsala pampando wa basi. Nawonso akuba zitsulo amene amazula timapuleti ta pamanda kukagulitsa pa sikelo, Mulungu yekha awaone. Ka atsibweni sitinakapeze. Malo anatilozera ndi mdala wina amene anali m'gulu la adzukulu tsikulo, ndipo anachita kuwerenga kuchokera pamtengo.

Chinanso ndikaniretu: musalembe tsiku longopeka pachiliza kuti chioneke chokwanira. Ndaona mabanja akuchita zimenezi. Mwala sukalamba msanga, ndipo ana a ana anu adzalitenga bodzalo ngati choonadi.

Koyambira

Yambani ndi azakhali ndi ambuye amene alipo, sabata ino, ndipo lembani maina onse amene agogo ankadziwika nawo, mfunda, mudzi ndi mfumu. Reji inayamba dziko litangolandira ufulu, ndiye ngati anaitenga ndipo ilipo, imatchula mudzi, mfumu ndi boma, ndipo nambala yapakati imasonyeza kumene anaitengera. Kenako mpingo. Ngati anali a Reformed Church, funsani kumene ankapemphera kuno ndiponso kwawo, poti mishoni ngati Magwero (1899) ndi Madzimoyo (1903) zinkalemba anthu awo boma lisanaganize n'komwe. Akatolika afunse ku parishi mabuku a ubatizo ndi a maliro. Chilolezo choika maliro mu Lusaka chimachokera ku khonsolo, choncho pitani ku Civic Centre pa Independence Avenue muli ndi chaka ndi maina onse, mufunse mabuku a manda ngati Chingwere ndi Leopards Hill yakale. Za imfa ya pambuyo pa 1973 yesani ku National Registration, ku Kundalila House, ngakhale mabanja ambiri ankathera pa chilolezo cha manda osakatenga satifiketi. Ku National Archives pa Government Road kuli nyuzi zakale ndi mabuku a ma DC, othandiza kwambiri pa za midzi ndi mafumu kusiyana ndi munthu mmodzi. Ngati anagwirapo ntchito ku migodi, mafayilo a ZCCM, kampani imene inkayendetsa migodi ya kopa, ali ku Ndola.

Tsiku likakanika, lembani chaka chokha pamwalapo, pamodzi ndi mfunda ndi mudzi wawo ku Katete. Ndipo musanaitanitse simenti, auzeni a kwa mayi a agogowo, chifukwa chiliza cha Mchewa sichimangidwa eni mbumba asanavomere.