Excel ikukana kusunga failo pa kompyuta ya mu ofesi

Achimwene, mwati failo yanu ya Excel ikumatseguka ndi mawu oti Read-Only pamwamba, ndipo mukadina Save ikukana. Popeza kompyutayo mumalandizana anthu angapo, ine ndikukayikira amene anakhalapo inu musanafike.

Kawirikawiri munthu amanyamuka osatseka Excel, wina n'kulowa kudzera pa Switch user. Akaunti yoyamba ija imakhala ikugwirabe ntchito kuseri, failo ili chitsegukire, ndiye Excel imakuletsani kusintha. Dinani Ctrl+Shift+Esc, pitani pa Users, muone ngati dzina lake lilipo. Likakhalapo, muitaneni asunge zake kenako atuluke ndi Sign out. Musamutulutse nokha, mungamutayitse zomwe sanasunge n'kuyambana pachabe.

Ngati palibe wina, suzumirani mufoda momwe muli failoyo. Failo ikakhala yotsegula, Excel imapanga kafailo kobisika, kadzina lofanana koma koyamba ndi ~$. Magetsi akathima mwadzidzidzi, kameneka kamatsalira, ndiye kompyuta imangoyesa wina akadaigwiritsa ntchito. Mu File Explorer pitani pa View, chongani Hidden items, sungani kaye zomwe mwalemba monga ndafotokozera m'munsimu, kenako tsekani Excel, fufutani kokhako. Onetsetsani bwino dzina musanafufute.

Panopa musatseke zomwe mwalembazo. Dinani F12, zisungeni ndi dzina lina mu Documents ya akaunti yanu. M'dzinamo musaikemo deti lolembedwa ngati 12/03, chifukwa Windows salola zizindikiro monga / : ? ndi *, lembani 12-03.

Zikakanikabe, mwina akaunti yanu ilibe chilolezo cholemba mufodamo. Icho angakonze ndi amene ali ndi akaunti ya Administrator.