Amuna anga avulala kuntchito, kodi ife apabanja tingawasumire abwana awo?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Lilongwe, dzina sinditchula. Akuti amuna awo amagwira ntchito pa kampani ina yocheka matabwa, makina anawadula zala zitatu za dzanja lamanja miyezi ingapo yapitayo, pano angokhala pakhomo. Abwana analipira bilu ya kuchipatala, nkuwapatsa kangachepe koti agulire sopo, basi kuchokera pamenepo foni sakuyankhanso. Nde mayiwa akufunsa kuti, ine ndi ana ndi amene tikugona ndi njala, kodi tingathe kukasuma ifeyo?

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani. Ndiyankhe mosazungulira: ngati bambowo ali moyo ndipo mutu wawo ukuyenda bwinobwino, mlanduwu ndi wawo, dzina lolembedwa pa samani likhala lawo osati lanu kapena la achimwene awo. Inu mutha kuwaperekeza, kuyenda m'maofesi, kusunga mapepala, koma wodandaula ndi iwowo. Njala ya pakhomo ija sikuti khoti siliyiona ayi, imalowa m'chipukuta misozi chawo chomwecho poti powerengera amaonanso ndalama zomwe akanamapeza dzanja likanakhala lilipo. Wachibale amaima m'malo mwa wovulala pokhapokha ngati munthuyo sangathe kudziyankhulira, mwachitsanzo wavulala m'mutu, kapena ndi mwana wosakwana zaka.

Tsono njira zilipo ziwiri ndipo anthu ambiri amazisakaniza.

Yoyamba ndi ya ku leba. Tili ndi lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, ndipo ubwino wake ndi woti simukuyenera kutsimikizira wina aliyense kuti abwana analakwitsa, bola munthu wavulala ali pantchito basi. Mupite ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, dokotala amamuyeza wovulalayo nkulemba kuti wapunduka ndi maperesenti angati, nde mawerengedwe amachokera pamenepo. Munthu akapundukiratu moti sangagwirenso ntchito ina iliyonse amayenera kulandira malipiro a miyezi 54. Tiyerekeze kuti bambowo amalandira K150,000 pamwezi ndipo dokotala walemba 30 peresenti, ndiye kuti 150,000 kuchulukitsa ndi 54 ndi K8,100,000, mutengepo 30 peresenti, K2,430,000. Mukuona nokha kusiyana kwake ndi ndalama ya sopo ija. Ndalamayi amatulutsa ndi abwana kapena inshulansi yawo, si chisomo, ndi lamulo. Ndipo asakuopsezeni kuti munalibe kontilakiti yolemba, mgwirizano wa pakamwa nawonso umagwira ntchito, anzawo ogwira nawo ntchito, yunifomu, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba olandirira salale, zonsezo ndi umboni.

Yachiwiri ndi ya kukhoti, kusumira kampani chifukwa chosasamala. Apa ndiye pamafunika kuonetsa kulakwa kwawo: makina analibe chotchingira mpeni, anthu anadandaulapo kuti ndi owonongeka koma sanakonze, munthu anangomuika pamakina osamuphunzitsa. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limawakakamiza olemba ntchito kuteteza antchito awo pa zinthu ngati zimenezi. Kukhoti kumatuluka ndalama zochulukirapo chifukwa amawerengera ululu womwe munthu wamva ndi tsogolo lomwe laonongeka, koma kumachedwa, ndipo zomwe munalandira kale ku leba amachotsera. Ngati ya loya mulibe pitani ku Legal Aid Bureau, anaikhazikitsira anthu ngati inuyo.

Pomwe apabanja amasuma okha ndi pamene munthu wamwalira pangoziyo. Ku leba, amene amadalira malemuyo amayenera kulandira malipiro a miyezi 42, ndipo kukhoti mkazi ndi ana atha kudandaula kuti ataya wowasamala. Apa ndinenepo chomwe chimandipweteka mtima, maliro asanaiwalike nkomwe mumangoona amalume ndi achimwene a malemu atsogola ndi mafayilo ku kampani, mkazi ndi ana ali kumbuyo osadziwa kanthu. Ndalamazi ndi za amene amadya kuchokera m'thumba la malemuyo, osati aliyense wa mtundu.

Kwa inu amene abale anu ali ku Joni, kumeneko nzosiyana. Lamulo lawo la COIDA la 1993 limaletsa wantchito kapena banja lake kusumira bwana pa ngozi ya kuntchito, amangolandira ku Compensation Fund, thumba la boma lolipira ovulala pantchito.

Tibwerere kwa inu mayi. Chomwe ndikuopa kwambiri ndi nthawi, chifukwa mwati papita miyezi. Ku leba dandaulo limayenera kulowa pasanathe miyezi 12 chichitikire ngozi, kukhoti nkhani zovulala zimatha mphamvu pakadutsa zaka zitatu, ndipo mabwana ena amadziwa zimenezi nchifukwa chake amangoti bwerani mawa, akawuntanti kulibe, bwerani mwezi wamawa. Chinanso, akakuitanani kuti bambo asaine pepala kuti alandire kenakake, asasaine musanalionetse kwa a leba kapena loya, mapepala ena amalembedwa kuti nkhani yathera pompo. Sungani buku la kuchipatala, malisiti onse ngakhale a minibasi, jambulani dzanjalo pa foni, lembani mayina a anthu amene anaona ngoziyo asanasiye ntchito nkubalalika. Lolemba likubwerali tengani bambowo mupite ku leba.