Amuna anga akuti ndisiye kutsatsa malonda pa Facebook, ndipange bwanji?

FUNSO: Alangizi, ine ndimaoda belo la madilesi ku Limbe nkumagulitsira pakhomo. Chaka chino ndinayamba kuposta pa status ya WhatsApp ndi pa Facebook ndipo anthu akumagula ndithu. Vuto amuna anga akuti ndisiye, ati nambala yanga ili ponseponse ndipo azibambo ena akumaimba usiku osafuna dilesi. Apongozi nawo akuti ndikudziitanira akuba. Mnzanga akuti ndisawamvere, ndingolipira boost, kuti Facebook izionetsa zomwe ndaposta kwa anthu ambiri, peji ikule. Ndithandizeni. Mayi a ku Chirimba, Blantyre.

YANKHO: Mayi, musasiye. Komano musawatenge abambo akunyumbawo ngati angodzuka ndi nsanje, mu zomwe akunenazo muli zoona ndipo zambiri ndi zoti mutha kukonza sabata ino yomwe.

Chomwe aliyense wa geni akuthamangira kumeneku mwachiona kale nokha. Pakhomo panu amadutsa anthu omwewomwewo, dilesi yabwino ikhoza kukhala pa hang'ala mwezi wathunthu mpaka kuyamba kutuwa ndi dzuwa, pomwe woti aigule ali mu ofesi ku Ginnery Corner akuseweretsa foni nthawi ya lanchi. Kale kuti mumufikire ameneyo munayenera kulipira wailesi kapena nyuzipepala, ndalama zoti munthu wa belo limodzi sangazione. Pano ndi chithunzi ndi bandulo basi, ndipo kasitomala amayankha pompopompo, "ilipo yakuda?", "size 14 muli nayo?", ndiye mukamapitanso ku Limbe mumakhala mukudziwa chomwe anthu akufuna osati kungolota. Akakonda atumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabaza anyamula, nkhani yatha. Makampani akuluakulu akutsata zomwezi, kungoti iwo amalipira kuti uthenga wawo ukagwe pa maso pa anthu a msinkhu wakuti, okhala dera lakuti, okonda zakuti.

Apa mpomwe pamayambira madandaulo a anthu ena. Facebook simulipira polowa chifukwa ndalama zake pafupifupi zonse kampani ya Meta, eni ake a Facebook, Instagram ndi WhatsApp, amazipeza pa malonda otsatsa. Kuti otsatsawo alipire bwino, iwowo amasonkhanitsa zomwe tonsefe timachita, chomwe tapanga like, chomwe taima kuonera, komwe tili. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga mbiri ya anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook osawapempha nkuigwiritsa ntchito pa ndale, ndipo mu 2019 boma la America linalipitsa Facebook chindapusa cha madola 5 biliyoni. Ndiye munthu akamati sakufuna moyo wake pamenepo sikuti ndi wotsalira ayi.

Koma za kwanu kunyumba ndi zapafupi kuposa zimenezo. Nambala ya banja ndi ya geni zisiyane. Gulani SIM ina, muikepo WhatsApp Business, ndi yaulere ndipo imakhala bwinobwino mu foni imodzi ndi WhatsApp yanu ya masiku onse. Ili ndi poika zithunzi za katundu ndi mitengo yake, komanso uthenga wodziyankha wokha, mutha kulemba kuti "timayankha kuyambira 7 mmawa mpaka 6 madzulo" ndiye wolemba meseji 11 usikuyo akumana ndi zimenezo, akapitiriza mungomupanga block osakambirana naye. Madilesi musamavale nokha pojambula ngati ndi zomwe zikuwawa abambo, gulani chidole chovekera zovala kapena ajambuleni pa hang'ala kukhoma loyera mmawa dzuwa lisanawawe, amaoneka bwino kuposa mmene mukuganizira. Ndipo chonde, pa chithunzi pasamaoneke geti lanu, TV ya pa balaza, ana atavala yunifolomu ya sukulu yawo. Munthu wosamudziwa muzikumana naye poyera masana, pa siteji kapena pa filling station, osamulondolera kunyumba. Mukapanga zimenezi nkhawa ya apongozi yachepa ndi theka. Kenako khalani pansi ndi abambo muwaonetse kope, awone okha kuti mwezi uno madilesi angati apita chifukwa cha foni ndipo ndalama yake yagula chiyani pakhomopo. Mkangano wa "ndisiye, sindisiya" suutha ndi pakamwa.

Akuba enieni a pa intaneti sabwera ndi zikwanje, amabwera ndi screenshot. Akutumizirani chithunzi choti ndalama yalowa kapena meseji yooneka ngati yochokera ku kampani ya foni, nkumakufulumizitsani kuti wakabaza ali panjira. Katundu asatuluke musanaone balansi yanu nokha mu foni mwanu. Wina akati watumiza mopyola mumubwezere yapamwambayo, yambani mwaona balansi. PIN yanu musauze munthu ngakhale anene kuti ndi wa ku ofesi.

Za boost, panopa ayi. Imalipiridwa ndi khadi la ku banki ndipo ndalama yake imawerengedwa mu ndalama zakunja, inu mukudziwa mmene forex ikuvutira, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse cha madola chinakwera nthawi imodzi. Chachiwiri, boost imakubweretserani maso a anthu, ogula ndi nkhani ina, mutha kupeza ma like mazanamazana ochokera ku Karonga ndi ku Nsanje pomwe wakabaza wanu amathera pa Ndirande. Yambani mwayeza zomwe mukupanga kale. Aliyense wogula mumufunse kuti anakudziwani bwanji nkulemba. Tiyerekeze bandulo ikukudyerani K20,000 pa mwezi ndipo dilesi iliyonse mumapindula K4,000, ndiye kuti madilesi asanu oyamba ndi obweza bandulo chabe, phindu likuyambira pa lachisanu ndi chimodzi. Ambiri sawerengera zimenezi, bandulo amaiona ngati ndalama yocheza pomwe ndi ndalama ya geni, ndipo maola omwe amathera kuyankha anthu a "zingati?" osagula sawaona nkomwe.

Chinthu chomwe ndikufuna mugwiritsitse kwambiri ndi ichi, peji ya Facebook ili ngati benchi la lendi mu msika wa mwini, tsiku lililonse akhoza kukusunthani kapena kutseka geti osakufunsani. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6, anthu ogulitsa pa foni pokha anangokhala manja lende. Izo zinabwerera, koma peji yobedwa kapena yotsekedwa nthawi zambiri sibwerera, munthu wadina link yabodza basi otsatira onse apita. Komanso ngakhale peji ili bwinobwino, si onse okutsatirani omwe amaona zomwe mwaposta, makina awo ndi omwe amasankha. Ndiye kasitomala aliyense yemwe wagula, dzina lake, nambala, size yake ndi zomwe amakonda zilowe mu kope lenileni la pepala. Mumupemphe asunge nambala yanu, pakuti status amaiona okhawo omwe mwasungirana manambala. Belo latsopano likatsegulidwa, anthu a mu kope aja ndi oyamba kuwauza. Amenewo ndi anu, palibe angakulandeni. Ndipo yatsani two-step verification, chitetezo chofunsa nambala ina yachinsinsi munthu akafuna kulowa mu akaunti yanu, pa WhatsApp ndi pa Facebook lero lomwe.

FUNSO LINA: Ine ndili ndi hardware ku Mchesi zaka zambiri ndipo sindinapostepo kanthu. Ana anga akundikakamiza. Ine zimandinyansa, anthu amakuika mu gulu osakupempha, mtengo amabisa ati "inbox", katundu akabwera ndi wosiyana ndi pa chithunzi. Ndilowe nawo zimenezi? Bambo a ku Lilongwe.

YANKHO: Bambo, zonse mwatchulazo ndi zoona ndipo nanenso zimandipweteka chifukwa zikuonongera mbiri anthu ogulitsa mwachilungamo. Kubisa mtengo kumathamangitsa wogula weniweni, amaganiza kuti mukufuna muyambe mwamuona nkhope kuti mumutchaje. Kuika munthu mu gulu osamupempha ndi mwano, ndipo Malawi pano ili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, Data Protection Act ya 2024, ndiye nambala za makasitomala si zomangogawana mwachisawawa. Kuonetsa chithunzi china nkutumiza katundu wina ndi chinyengo, wogula akhoza kukadandaula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission. Onjezerani anthu otchuka omwe amayamikira mafuta oyeretsa khungu kapena ma bizinesi oti "ikani K50,000 mulandire kawiri" osanena kuti alipidwa kuti alankhule, anthu alira nazo zimenezi.

Koma inu simukuyenera kupanga nawo zoipazo kuti mupezekeko. Makasitomala anu ndi mabilidala, mapulambala ndi anthu omanga nyumba, ena ali ku Johannesburg akutumiza ndalama kwa abale, ndipo ameneyo chomwe amafuna ndi kuona mtengo wa simenti ndi malata lero asanatumize, kuti asamunamize. Simukufunika kuvina pa TikTok. Muuzeni mwana mmodzi aike WhatsApp Business pa nambala ya shopu, mitengo ilembedwe poyera ndi deti lake popeza ikusintha pafupipafupi, aikenso shopuyo pa Google Maps ndi maola otsegulira, zonsezi ndi zaulere. Mukaona pakatha miyezi itatu kuti palibe yemwe wabwera chifukwa cha zimenezo, muli ndi ufulu wozisiya. Foni ya shopuyo ndi password yake zikhale mmanja mwanu, osati mwa mnyamata wa ntchito, pakuti akadzachoka amapita ndi makasitomala onse.