Mukufuna kupita ndi kanjanji kanu ku chionetsero? Yambani mwasuzumira kunsi kwa thabwa

Owerenga wina anditumizira imelo. Akuti ali ndi kanjanji ka timasitima tating'ono toyendera magetsi, ka sikelo ya HO (muyeso umene chilichonse chimachepetsedwa ka 87 poyerekeza ndi chenicheni), kotalika mamita atatu kamene akhala akumanga m'chipinda kwawo, ndipo kalabu ina yawaitana kuti akakaonetse pa chionetsero cha masiku awiri. Akufunsa ngati n'koyenera kuvomera, komanso ngati miyezi yatsalayi angaithere pa kuonjezera tinyumba ndi timitengo kuti kakongole.

Vomerani, bambo. Koma tinyumbato tisiyeni kaye.

Munthu wodzaona amaima pamaso pa kanjanji kanu kanthawi kochepa chabe, ndipo maso ake amasaka chinthu chimodzi: pali chikuyenda? Akapeza injini ili njo, mwini wake atawerama akuikankha ndi chala, amangosuntha n'kupita pa tebulo lina, ngakhale siteshoni yanu itakongola chotani. Ndiye nthawi yanu ipite ku zinthu zosaoneka.

Vuto lalikulu lili polumikizira matabwa. Kunyumba kanjanji sikasuntha, koma ka chionetsero kamamasulidwa, kulowa m'galimoto, kugwedezeka mseu wonse, kenako kumangidwanso pa simenti yosalingana. Ambiri amakagawa m'zigawo za mamita 1.2 m'litali ndi 0.6 m'lifupi, kuti anthu awiri anyamule bwinobwino n'kudutsa nazo pakhomo. Mu HO mpata wa pakati pa njanji ziwiri ndi mamilimita 16.5 okha, choncho zigawo zikasemphana ndi theka la milimita, mabogi agwa basi. Mabawuti okha sakwana chifukwa mabowo ake amakula m'kupita kwa nthawi. Ikani timapini tachitsulo tolowa ndendende m'mabowo ake kuti tizilunjikitsa matabwa, mabawuti azingomanga. Nsonga za njanji muziwotcherere pa timasikuluwu ta brass (chitsulo chachikasu) tokhomedwa m'thabwa, ndipo ponyamula muzitchinga nsongazo ndi kathabwa, chifukwa malaya akangokola nsonga imodzi njanji imazuka. Siyaninso kampata kakang'ono pakati pa zidutswa za njanji. Holo imazizira m'mawa, koma ikadzaza anthu imatentha, chitsulo n'kufutukuka, ndipo chikasowa kolowera chimapindika.

Kumbali ya magetsi, musadalire tizitsulo tolumikizira njanji kuti tidutsitse moto. Chidutswa chilichonse chikhale ndi kawaya kakekake kotsikira ku mawaya aakulu a kunsi, ndipo pulagi iliyonse ilembedwe nambala, chifukwa m'holo mudzakhala chagada pansi pa thabwa ndi tochi kukamwa. Ngati mumayendetsa ndi DCC, njira yadijito yolamulira injini iliyonse payokha pa njanji imodzi, kumbukirani kuti shoti imodzi pa mapointi (pamene njanji zimapatukana) imaimitsa sitima zonse. Gawani njanjiyo m'magawo okhala ndi chodulira moto chakechake. Tengani kontirola yachiwiri yosinthira ina ikafa. Fumbi la khamu la anthu ndi lambiri kuposa la kunyumba, ndiye njanji ndi magudumu muzipukuta ndi kansalu konyowetsa spiriti yotchedwa isopropyl m'mawa zitseko zisanatsegulidwe, komanso masana.

Nokha simungathe. Pakufunika wina woyendetsa, wina wokonza sitima kuseri kobisika kumene zimadikirira kuti ina ikangolowa ina izituluka, ndi wina woyankha mafunso. Woyendetsa akayamba kucheza ndi alendo ngozi sichedwa. Ndipo munthu amafunika kudya ndi kukhala pansi. Kuimirira tsiku lathunthu si masewera.

Za kutalika kwa miyendo ya kanjanji anthu amatsutsana mpaka kalekale. Kakafika pachifuwa, akuluakulu amaona ngati aima m'mbali mwa njanji yeniyeni, koma ana ndi anthu a panjinga za olumala saona kanthu. Ine ndimati katsitseniko, muike pulasitiki yoonekera kutsogolo yotchinga tizala. Bweretsaninso nyale zanu, za m'holo zimadetsa mitundu.

Funsani okonza chionetsero za inshuwalansi ndi za mlonda wa usiku. Mu 2019 kalabu ya timasitima ya Market Deeping ku England itayala zonse m'holo ya sukulu ina ku Stamford, achinyamata anathyola usiku n'kuphwanya ntchito ya zaka zambiri. Anthu anasonkha ndalama zoposa mapaundi 100,000, woimba Rod Stewart, amenenso amamanga timasitima, anapereka 10,000. Koma injini imene munthu anaipanga ndi manja ake sigulidwa m'sitolo. Zanu zamtengo wapatali muzipita nazo kogona. Za phindu la ndalama iwalani: okonza ambiri amangobweza ya mafuta ndi kukupatsani nkhomaliro.

Nanga chokoma n'chiyani? Choyamba, tsiku la chionetsero limamalizitsa ntchito. Mlatho umene wakhala wopanda penti chaka chonse umapentedwa sabata imodzi. Chachiwiri ndi anthu. Padzafika mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya njanji, adzayang'ana duu, kenako n'kukuuzani kuti siginolo yanuyo mwaiika kuseri kwa mapointi pomwe iyenera kukhala patsogolo pake, n'kufotokoza chifukwa chake. Zoterezi simuzipeza mutadzitsekera m'chipinda. Padzafikanso kamwana kodzagwira m'mphepete mwa tebulo, kukana kuchoka mpaka sitima ya katundu itatulukanso m'phanga, kakuwerenga mabogi mokweza. Inde, wina adzabwera kudzangotola zifukwa, eti injini iyi sinakokepo mabogi amtundu uwu. Mumwetulireni, nthawi zina amakhala akunena zoona.

Ngati zonsezi zakuchulukirani, pali njira yapakati: kumanga chigawo chimodzi chotsatira miyeso yogwirizana, monga ya FREMO, bungwe la omanga timasitima limene linayamba ku Ulaya mu 1981, n'kukachilumikiza ndi za anzanu.

Koma poti kanjanji muli nako kale, chitani ichi kutatsala mwezi umodzi. Kamasuleni konse, kalowetseni m'galimoto imene mudzagwiritse ntchito, muzungulire nako pa mseu wa mabampu, mukakamange m'chipinda china pamodzi ndi anzanu adzakuthandizeniwo. Muyendetse sitima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pepala lili pambali, chilichonse chovuta chilembedwe. Mukakonza zonse za papepalapo nthawi n'kutsalako, ndiye bzalani timitengo tanuto.