Tifunseni: Kuyenda pa galimoto yahayala m'dziko la Iceland

Ndimagwira ntchito ku Leeds, ndipo ine, amuna anga ndi ana athu awiri tapeza matikiti otsika mtengo opita ku Iceland mu Disembala. Tili ndi masiku asanu. Tikufuna kuchita hayala galimoto, kuzungulira dziko lonse ndi kuona kuwala kobiriwira kuja kumene kumaoneka kumwamba usiku. Zingatheke?

Mayi, ulendowo pitani, koma zozungulira dziko lonse mu Disembala zisiyeni. Msewu wozungulira chilumbachi, Route 1, ndi wautali kupitirira pang'ono makilomita 1,300. M'chilimwe chawo, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, kunja kumakhala kowala pafupifupi usana ndi usiku womwe, komabe timalangiza masiku 8 mpaka 10 kuti munthu asamangokhalira pa chiwongolero. Cha pa 21 Disembala, ku Reykjavík, likulu la dzikoli, dzuwa limatuluka nthawi itapitirira 11 koloko m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:30 masana. Maola anayi okhawo ndiwo muli nawo oti muone mathithi ndi mapiri. Ena onsewo mudzakhala mukuyendetsa mumdima pamsewu woterera, ndipo kumpoto ndi kum'mawa misewu yodutsa m'mapiri imatsekedwa kawirikawiri chipale chofewa chikachuluka.

Masiku asanuwo akwanira kum'mwera kokha. Tsiku limodzi lipite ku paki ya Þingvellir, akasupe otentha a Geysir ndi mathithi a Gullfoss, mtunda wosapitirira makilomita 250 kupita ndi kubwerera. Kenako mulowere ku Vík, makilomita pafupifupi 185 kuchokera ku Reykjavík, mukuima pa mathithi a Seljalandsfoss ndi Skógafoss. Nyanja ya Jökulsárlón, momwe mumayandama zibuma za madzi oundana, ili makilomita ena 190 kupitirira Vík. Mukafikeko pokhapokha nyengo italola. Usiku womaliza mugone kufupi ndi bwalo la ndege la Keflavík. Msewu wa kum'mwerawu ndi umodzi, ukatsekedwa chifukwa cha mphepo palibe wina wolambalala, ndipo ndege siidikira.

Kuwala kwa kumwambako kumaoneka kuyambira Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Epulo, kukakhala mdima komanso kopanda mitambo. Palibe angakulonjezeni. Webusaiti ya zanyengo ya vedur.is imaonetsa komwe kuli mitambo usiku umenewo. Mukakuona muli pamsewu, musaime pakati pa njira n'kuzimitsa magetsi. Pitani pamalo oimikapo galimoto. Ana osafika masentimita 135 lamulo limafuna akhale pampando wawo wapadera, choncho uitanitseni pomwe mukusungitsa galimoto. Ndipo pagombe la mchenga wakuda la Reynisfjara, pafupi ndi Vík, agwireni dzanja. Mafunde akumeneko amabwera modzidzimutsa n'kufika kutali kumtunda, ndipo apha kale anthu.

Laisensi yanga ndi ya ku Malawi. Adzandipatsa galimoto? Nanga poti ine ndinazolowera kuyendetsa kumanzere?

Bambo, laisensi yolembedwa m'zilembo zathu zomwezi, yokhala ndi chithunzi, nambala ndi tsiku lothera, imalandiridwa. Makampani ambiri amafuna kuti mukhale mutakwanitsa zaka 20, ena 23 pa galimoto zazikulu, ndiponso kuti mwakhala ndi laisensiyo kwa chaka chimodzi. Chimene chimabweza anthu ambiri pa kauntala si laisensi koma khadi: amafuna kirediti kadi ya dzina la dalaivala yemweyo kuti agwirepo ndalama ya chikole. Ngati muli ndi khadi lotapira ndalama lokha, alembereni musanalipire kuti akuyankheni ngati amalilandira.

Ku Iceland amayendetsa kumanja. Lipirani ndalama yoonjezerayo mutenge ya otomatiki, chifukwa kusintha magiya ndi dzanja lamanja kwinaku mukulimbana ndi mbali yachilendo ya msewu ndi katundu wosafunika. Ngozi siikhala m'tauni momwe muli galimoto zina zoti muzitsatira. Imakhala m'mawa potuluka pamalo ogona, kapena pochoka pomwetsa mafuta, msewu uli mbee: thupi limangolowera kumanzere lokha. Amene wakhala pambali panu akhale ndi ntchito yokukumbutsani nthawi iliyonse mukamalowa mumsewu.

Liwiro ndi makilomita 50 pa ola m'tauni, 80 pamsewu wamiyala, 90 pa tala. Makamera alipo ndipo chindapusa chimakupezani kudzera ku kampani ya galimoto. Magetsi akutsogolo ndi akumbuyo ayake nthawi zonse, ngakhale masana. Pa raundabauti ya mizere iwiri, amene ali mzere wamkati ndiye ali ndi ufulu wotuluka, wakunja amamudikira. Izi n'zosiyana ndi maiko ambiri. Lowezani zikwangwani zitatu izi: Einbreið brú ndi mlatho wodutsa galimoto imodzi, woyamba kufika ndiye amadutsa, Malbik endar ndi pothera tala, chepetsani liwiro musanaponde miyala, osati mutaiponda, Blindhæð ndi kamtunda kobisa zimene zikubwera. Nkhosa m'chilimwe zimangoyenda. Mukaona mayi mbali ino kamwana mbali inayo, dziwani kuti kamwanako kadumpha.

Pa webusaiti ya kampani pali mitundu yambiri ya inshulansi moti mtengo wake ukufuna kufanana ndi wa galimoto. Kodi si kutibera kumeneku?

Zina mutha kusiya, koma apa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri kuposa pena paliponse pa ulendowu. CDW, inshulansi ya ngozi imene imabwera ndi galimoto, imakusiyirani gawo lalikulu loti mulipire nokha galimoto ikaonongeka. SCDW imachepetsa gawolo. Ya miyala, imene amailemba GP, ndi yofunika ngakhale simukuchoka pa tala, chifukwa malole amathamangitsa timiyala tomwe timang'amba galasi lakutsogolo. Ya mchenga ndi phulusa, SAAP, itengeni ngati mukudutsa kum'mawa kwa Vík, m'zigwa za Mýrdalssandur ndi Skeiðarársandur. Mphepo ikanyamula mchenga wakuda wakumeneko imakwecha penti, magalasi ndi nyali pa mphindi zochepa. Ya kuba mutha kuisiya.

Werengani bwino zimene inshulansi siilipira. Kawirikawiri ndi izi: madzi kulowa mu injini powoloka mtsinje, kugunda kunsi kwa galimoto, kuthira mafuta olakwika, ndi chitseko chopindidwa ndi mphepo. Chomalizachi chimachitika kwambiri. Munthu amangotsegula chitseko, mphepo n'kuchilanda m'manja, mahinji n'kupindika. Imikani galimoto mphuno italoza komwe mphepo ikuchokera, tsegulani chitseko chimodzi pa nthawi, mutachigwira ndi manja awiri, ndipo ana asatsegule okha.

Mphepoyi amaiyeza m'mamita pa sekondi, ndipo nambala yake imaoneka yaing'ono n'kukupusitsani. Mamita 15 pa sekondi ndi makilomita 54 pa ola, ndipo galimoto yaitali yogonamo imayamba kale kuvuta. Akafika 20, ameneyo ndi 72. M'mawa uliwonse musanalize injini onani vedur.is ndi umferdin.is, yomwe imaonetsa misewu yotsekedwa ndi yoterera. Chenjezo lachikasu likutanthauza samalani. La olenji kapena lofiira, khalani pomwe muli, ngakhale mutaluza ndalama ya chipinda chimene munalipira kutsogolo. Nambala ya ngozi ndi 112.

Polandira galimoto jambulani kanema mbali zonse, denga, magalasi ndi matayala. M'nyengo yozizira onetsetsani kuti ili ndi matayala a nyengoyo. A misomali amaloledwa kuyambira 1 Novembala mpaka pakati pa Epulo.

Kodi ndikufunika 4x4?

Pa Route 1 m'chilimwe, ayi; kagalimoto kakang'ono kakwanira. M'nyengo yozizira imathandiza pokwera, koma pa madzi oundana mabuleki ake sagwira kuposa a galimoto ina iliyonse. Misewu yoyamba ndi F, ya m'mapiri a pakati pa dziko, imafuna 4x4, imatsegulidwa cha kumapeto kwa Juni n'kutsekedwa cha mu Seputembala, ndipo yambiri ili ndi mitsinje yopanda milatho. Kuyendetsa kunja kwa msewu n'koletsedwa kulikonse ndipo chindapusa chake n'chachikulu, chifukwa ndere za kumeneko zikapondedwa zimatenga zaka zambiri kuti zibwerere. Chenjeraninso ndi mapu a pafoni: pakati pa Höfn ndi Egilsstaðir angakulozereni njira yachidule ya Öxi, nambala 939. Ndi yamiyala, yotsetsereka, nkhungu siichoka. Tsatirani Route 1.

Anzanga akuti chakudya ndi malo ogona ndi zodula zedi. Tingachepetse pati?

Akunena zoona. Chepetsani pa chakudya, osati pa inshulansi kapena zovala. Sankhani malo ogona okhala ndi khitchini, muzigula ku masitolo a Bónus kapena Krónan ndi kuphika nokha. Gulani zambiri ku Reykjavík kapena Selfoss, chifukwa mukapitirira Vík masitolo amatalikirana ndipo amatseka msanga. Madzi musagule: a pampopi ozizira ndi abwino kumwa. Otentha m'madera ena amanunkha ngati mazira ovunda chifukwa amachokera pansi pa nthaka, choncho a tiyi tengani ozizira muwiritse. Nyama yaiwisi ndi zamkaka musanyamule kuchokera kwanu. M'malo mwa Blue Lagoon, dziwe lotchuka koma lodula la madzi ofunda, pafupifupi tauni iliyonse ili ndi dziwe la madzi ofunda la anthu onse pamtengo wochepa. Amafuna musambe ndi sopo musanavale chosambira.

Mafuta awerengereni motere: kuzungulira dziko ndi zopatukira zake ndi makilomita 1,800 mpaka 2,000, ndiye kagalimoto komwa malita 6 pa makilomita 100 kafuna malita pafupifupi 120. Mapampu ambiri alibe munthu, amafuna khadi ndi PIN. Sankhani ndalama yeniyeni osati batani lodzazitsa thanki, chifukwa limagwira ndalama yambiri ku akaunti kwa masiku angapo. Thanki ikafika theka kum'mawa kapena kumpoto, thirani. Malo ambiri otchuka amalipiritsa poimika galimoto kudzera pa makina kapena pafoni, ndipo msewu wodutsa pansi pa phiri wa Vaðlaheiði, pafupi ndi Akureyri, umalipiridwa pa intaneti. Mukaiwala, kampani imaonjezerapo zake.

Galimoto yogonamo imathandiza m'chilimwe, koma kuyambira 2015 lamulo limafuna muzigona pamalo ovomerezeka, ndipo ambiri mwa malowa amatseka cha pakati pa Seputembala. Zovala gulani musananyamuke: malaya amkati aubweya, juzi, jekete ndi buluku zosalowa madzi ndi mphepo, magolovesi, chipewa. Ngakhale mu Julaye ku Reykjavík kumangofika madigiri 11 kapena kupitirirapo pang'ono. Ambulera isiyeni kunyumba, mphepo idzaithyola.

Ndili ndi chilolezo chokhalira ku Britain koma pasipoti ndi ya Malawi. Viza ikufunika?

Inde. Iceland ili m'gulu la Schengen, ndipo chilolezo cha ku Britain sichilowa m'malo mwa viza imeneyi. Wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo amafuna inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa malo ogona usiku uliwonse, matikiti obwerera ndi masitetimenti a kubanki. Mutha kupempha kutatsala miyezi 6. Mpaka viza itatuluka, galimoto ndi zipinda sungitsani zokhazo zimene amabweza ndalama mukasintha.