Azakhali, za azimayi olalikira ku Finland kalekale

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, loti kodi kuno ku Finland azimayi ankalalikira kuyambira kale kapena zangoyamba masiku ano. Ndingoyankha pamawu, kulemba kungatalike.

Ankalalikira ndithu Azakhali, koma paguwa ayi, sankaloledwa. Ndikuuzeni za mtsikana wina, Anna Rogel. Kwawo kunali ku Merikarvia, mudzi wa m'mbali mwa nyanja chakumadzulo kwa dziko lino. Anabadwa mu 1751, mwana wa alimi wamba, nthawi imene Finland anali pansi pa mfumu ya ku Sweden. Ndiye mu 1770, asanakwanitse n'komwe zaka 20, anadwala kwambiri mpaka kumangokhala chigonere. Ali gone choncho, maso ali tsinzinu ngati wakomoka, pakamwa pake panayamba kutuluka ulaliki. Kuuza anthu kuti alape, kupemphera, kuimba nyimbo. Eee, mbiri inawanda. Anthu ankayenda mitunda italiitali kudzaima mozungulira bedi la mtsikana wodwala kuti amve mawu.

Tsono apa mumvetse bwino. Kuyambira mu 1726 kunali lamulo la mfumu loletsa anthu kusonkhana m'nyumba kupemphera popanda m'busa, kupatula a banja limodzi okhaokha. Ngakhale mwamuna akanatha kulowa m'mavuto, nanji mkazi, mwana wa mlimi? Chimene chinamutsegulira njira Anna n'choti anthu ankati si iye akulankhula, ndi Mulungu akungodutsira pakamwa pake iye ali mtulo. Apa m'pamene pamandiwawa mtima ine. Kuti amvedwe, anayenera kukhala ngati palibepo. Akanadzuka n'kuima chilili, maso ali gwa, n'kunena mawu omwewo, ndikukayika ngati akanamumvera chimodzimodzi. Anamwalira mu 1784, akadali wa zaka za m'ma 30.

Sanali yekha ayi. Kunabweranso ena olalikira ali ngati akomoka choncho, monga mayi Helena Konttinen a ku Uukuniemi, kum'mawa kwa dziko lino, mayi wosauka wapamudzi amene anamwalira mu 1916. Koma kuti mpingo wa Lutheran wa kuno udzoze azimayi kukhala abusa, zinatheka mu 1988, pamene anadzoza azimayi 94 tsiku limodzi. Tawerengani nokha, zaka zoposa 200 chimwalirire Anna. Bishopu woyamba wamkazi, Irja Askola, anamusankha mu 2010 ku Helsinki.

Ngati mukufuna kukaikamba nkhaniyi kwa azimayi anzanu kumpingo, mundiuze ndikulembereni mayinawo ndi zaka zake bwinobwino, chifukwa pamawu pano amavuta kumva. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.