Holden ndi wamwano kapena akudwala? Yankho kwa aphunzitsi a ku Luchenza

Aphunzitsi ena a ku Luchenza anditumizira imelo. Akuti ana a m'kalabu yawo yowerenga mabuku akangana: ena akuti Holden Caulfield ndi mwana wamwano basi, amene akudwaladi maganizo ndi Nyasha. Ndiye akufunsa kuti mwa awiriwa anavutika zenizeni ndani, nanga anapirira bwino ndani.

Aphunzitsi, imelo yanu yandipeza chiperoni chitakuta phiri lonse kuno ku Mulanje, ndiye nthawi yoyankha ndili nayo.

Holden, wa m'buku la J.D. Salinger la mu 1951, The Catcher in the Rye, ndi mnyamata wa zaka 16 amene amuchotsa sukulu. M'malo mopita kwawo akungoyendayenda mu New York, kusuta, kumwa, aliyense n'kumamunena kuti ndi wachiphamaso. Kwathu kuno tikanangoti walowerera. Koma mng'ono wake Allie anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 1946. Usiku womwewo Holden anaswa mawindo a galaja ndi chibakera, ndipo tsiku loika maliro iye anali m'chipatala ndi dzanja lakelo. Taganizani mwana wa pamudzi panu, mng'ono wake wapita, iye osagona nawo pasiwa, osamva nyimbo usiku wonse, osaponya nawo dothi kumanda. Mwano umene ana anu akuuonawo ndi maliro amene sanalire.

Nyasha ali mu Nervous Conditions, buku la Tsitsi Dangarembga la mu 1988. Anakhalitsa ku England ali mwana, n'kubwerera ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) Chishona chitamuthawa pakamwa. Bambo ake, Babamukuru, ahedi a sukulu ya mishoni, akufuna mwana wogwada, wosayankha. Holden zikamukwana amakwera sitima, ndalama zili m'thumba. Nyasha kothawira alibe, ndiye nkhondo yonse imathera m'thupi mwake: akamukakamiza kutha mbale amadya, kenako n'kukasanza. Atafika pong'amba mabuku ndi mano anapita naye kwa dokotala wachizungu, amene anati munthu wakuda sadwala matenda oterewa. Nafenso mawu amenewo sachoka pakamwa pathu, "za azungu izo", ngakhale mwana akuwonda tikuona.

Choncho zoti anavutika kwambiri ndani, ine sindingaike pasikelo ngati tiyi. Onse anagwa. Kusiyana kwake n'koti Holden anali ndi mlongo wake Phoebe, kamtsikana ka zaka 10 kamene kanatulukira ndi sutikesi kuti kapita naye, ndipo iye analeka ulendo wothawa.

Koma amene ine amandisowetsa tulo simunamutchule n'komwe: Tambu, mwana wa bambo aang'ono a Nyasha. Uyu ndi mtsikana amene analima chimanga kuti apeze fizi, womvera, wanzeru, woyamikiridwa ndi akulu. Tsiku la ukwati wa kutchalitchi wa makolo ake, umene Babamukuru anakonza pomwe Tambu ankaona kuti ndi wowanyazitsa, thupi linangokana kudzuka pabedi. Chimene analandira ndi zikoti 15.

Kalabu ikakumananso, afunseni anawo kuti Tambu anali bwino kapena ayi. Ndipo poyankhapo muyang'ane kamtsikana kaphee kamene kamakhala kutsogolo, kokhoza mayeso onse, muone ngati kakweze dzanja.